Velo isankhidwe ndi mapazi, osati ndi maso okha

Nyengo ya maukwati yafika pachimake m'mbali mwa nyanja. Kuyambira pamene anthu alonga chimanga m'nkhokwe kufikira mvula yoyamba, sipadutsa sabata ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota popanda kumva nthungululu. Nikah ikatha kumzikiti, anthu amakhamukira ku holo kapena pabwalo lomangidwa matenti, ndipo kumeneko kwazika mizu mwambo umene agogo athu sankaudziwa. Operekeza akwati amalowa awiriawiri akuvina, kenaka mkwati ndi mkwatibwi amatsatira pambuyo atagwirana dzanja, naonso akuponya mwendo motsata nyimbo. Zovala za anthu amenewa zimadya gawo lalikulu la ndalama zimene komiti ya ukwati imasonkhetsa kwa achibale. Komatu zovalazo zimasankhidwa pa zithunzi za pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo munthu wa pa chithunzi amakhala ataima chilili. Sakweza mkono, sabwerera m'mbuyo, satuluka thukuta.

Apa ndi pamene mabanja ambiri akuphonya. Munthu akamavina yekha, chovala chake ndi nkhani yake. Koma akangogwira dzanja la mnzake, chovalacho chasanduka cha anthu awiri. Mpendero wa velo wafika pansi pa phazi la mwamuna, batani la jekete layandikana ndi mpango wa mkazi, chidendene cha gogoda chili m'mbali mwa chala cha wina. Wosankha chovala chotere ayenera kuganizira thupi la wovala ndi thupi la amene adzaime naye, pakuti cholakwika chikachitika, manyazi ndi bala zimagwera onse awiri.

Tikudziwa kuti owerenga ambiri ali ndi funso lina limene lili patsogolo pa ili. Mashehe ambiri salola mwamuna ndi mkazi amene si banja kugwirana manja povina, ndipo ena safuna n'komwe kuti amuna ndi akazi asakanikirane pamadyerero. Chigamulo cha zimenezo ndi cha anthu ophunzira za chipembedzo, ndipo banja lililonse liyenera kufunsa shehe wake lisanalembe ndondomeko ya tsikulo. Mabanja ena adapeza kale njira yawo: atsikana amavina ndi atsikana anzawo, anyamata ndi anyamata, ndipo ogwirana amakhala akwati okha. Ena amasiya gule yense kumbali ya amayi. M'njira zonsezi mumakhalabe anthu awiri oyenda limodzi moyandikana, ndipo nsalu sisankha kuti woiponda ndi mwamuna kapena mkazi.

Tiyambe ndi mapazi. Anthu awiri akayang'anizana n'kumayenda limodzi, mmodzi amapita kutsogolo, winayo amabwerera m'mbuyo. Wopita kutsogolo amaponda pamalo pomwe phazi la mnzake langochoka kumene. Ngati phazi lachoka koma nsalu yatsalira, iye amaponda nsaluyo, ndipo mwini wake akafuna kusuntha amapezeka kuti wamangidwa pansi. Nsalu ikakhala yolimba, munthu amagwa chagada. Ikakhala yofooka, imang'ambika m'chiuno pamene telala adalumikiza siketi ndi chakumtunda. Wobwerera m'mbuyo naye ali ndi vuto lake: saona kumene akupita, ndipo mchira wa velo uli komweko, ukudikira chidendene chake. Kawirikawiri wobwerera m'mbuyoyu amakhala mkazi, amenenso wavala chovala chachitali kuposa aliyense m'holomo.

Velo yoyera ya mchira wautali siidasokedwere gule. Mtundu woyerawo udatchuka Mfumukazi Victoria ya ku Britain itauvala pa ukwati wake m'chaka cha 1840, ndipo mchira wautali udalowa m'mitima ya anthu ambiri Diana atakwatiwa m'chaka cha 1981 atavala velo ya mchira woposa mamita 7. Koma Diana ankayenda pang'onopang'ono molunjika kutsogolo m'tchalitchi cha St Paul's ku London, atsikana akumukonzera nsalu pambuyo. Eni ake a mwambowu amadziwa kuti chovala choyendera ndi chovinira n'zosiyana. N'chifukwa chake velo zawo zambiri zimakhala ndi timabatani kapena tizingwe tobisika kumbuyo, tokolowekapo mchira nthawi ya gule ikakwana. Kalekale gule wa waltz atafala kuchokera ku Vienna, atelala ankasokerera kachingwe kumchira wa diresi kuti mkazi akolowekemo dzanja n'kunyamula nsaluyo povina, ndipo amuna ankavala magolovesi kuti thukuta la m'manja lisadetse chovala cha mnzawo. Ife tidatengera mchira, koma kachingweko tidakasiya komweko. Velo zambiri zobwereka zimafika timabatani tija titathothoka, ndipo palibe amene amafunsa, chifukwa palibe amene adauzidwa kuti timakhalapo.

Ngakhale akatswiri adapunthwapo pa nkhaniyi. M'mbiri ya mafilimu a ku America, Fred Astaire ndi Ginger Rogers amawerengedwa pakati pa anthu awiri odziwa kuvina limodzi koposa. Mu filimu ya Top Hat ya m'chaka cha 1935, Rogers adaumirira kuvala diresi lokutidwa ndi nthenga za nthiwatiwa. Atangoyamba kuzungulira, nthenga zidayamba kuthothoka, kuuluka m'mwamba ndi kumatirira pa suti yakuda ya Astaire, ndipo panabuka mkangano waukulu. Chaka chotsatira, mu filimu ya Follow the Fleet, Rogers adavala diresi lolemera ndi mikanda, la mikono yotambasuka. Potembenuka, mkono umodzi wa diresilo udamenya Astaire kumaso. Awa anali anthu oyeserera gule wawo kwa milungu yambiri, okhala ndi akatswiri osoka zovala pambali pawo, ndiponso okhala ndi mwayi wojambulanso gawo limene lalakwika. Mwana wathu wa ku Namwera kapena ku Chipoka alibe mwayi wachiwiriwo. Tsiku ndi limodzi, ndipo mafoni onse m'holomo amakhala atamuloza.

Nkhani ya mafoniyi ndiyo ikutifikitsa pa chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri. Kwa mkwatibwi wovala hijabu, kugwa si chinthu choopsa chokhacho. Magule ambiri a pa ukwati ali ndi gawo limene mwamuna amakweza dzanja, mkazi n'kuzungulira pansi pake. Pa kamphindi kameneko mkono wa jekete umadutsa pamwamba pa mutu wa mkazi. Ngati pamkonopo pali wotchi ya chitsulo, mabatani aakulu kapena mphete ya mwala wotuluka, ndipo mpangowo ndi wa nsalu yopyapyala ya timikanda, chimodzi chimakola chinzake. Mkazi akupitiriza kuzungulira, mpango watsalira pamkono. Mtsikana amene wasunga tsitsi lake lophimba kuyambira ali kumadrasa akhoza kupezeka mutu uli pamtunda pamaso pa apongozi, alendo ndi makamera, pa tsiku limene amayenera kulemekezedwa koposa. Ndipo chithunzi chikalowa pa WhatsApp sichibwezeka.

Chodabwitsa n'chakuti kupewa zimenezi sikufuna ndalama. Kachipewa kothina kovala mkati mwa hijabu kamasunga tsitsi ngakhale mpango wakunja utasuntha. Mbali zolendewera za mpango zikhoza kulowetsedwa m'khosi mwa diresi nthawi ya gule. Mkwati akhoza kuvula wotchi n'kupatsa mnzake womuimira kuti amusungire. Mapini aatali osongoka amene okongoletsa akwati amakonda kubaya pamwamba pa mutu ayenera kuchepa, chifukwa dzanja la wovina naye limadutsa pomwepo, ndipo pini yoteroyo ikakankhidwa imalowa m'khungu la mwini wake. Pomaliza, ngati gawo lozungulira pansi pa mkono silikugwirizana ndi chimene mkwatibwi wavala, lichotsedwe. Wophunzitsa gule amalipidwa ndi banja, choncho ayenera kukonza gule wogwirizana ndi chovala cha mwana wa banjalo, osati kukopera zimene waona pa kanema wa ukwati wa ku Lagos kapena ku Johannesburg.

Pali maganizo amene afala pakati pa achinyamata akuti chovala chaulemu chimalepheretsa kuvina, ndipo kuti wofuna kuvina bwino ayenera kuvala chothina kapena chachifupi. Maganizowa ndi olakwika, ndipo telala aliyense wodziwa ntchito yake angachitire umboni. Miyendo imafuna mpata, ndipo njira zoipatsira mpatawo zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kudula nsalu, kuifupikitsa kapena kuing'amba m'mbali, monga amachitira ovina tango ku Buenos Aires. Yachiwiri ndi kuwonjezera nsalu kuti siketi itambasuke kuyambira m'chiuno, monga amachitira ovina waltz, amene madiresi awo amafika kuakakolo ndi kuphimba miyendo yonse. Njira yachiwiriyi ndi imene mabanja athu angaitsate popanda kutaya kanthu. Chovala chovuta kuvina nacho kuposa zonse ndi chimene chatchuka masiku ano, chothina kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo n'kutambasuka kumapazi ngati mchira wa nsomba. Wochivala amayenda ngati wamangidwa miyendo. Mnzake akaponya phazi lalitali, iye sangathe kumutsata, ndipo akapunthwa alibe mpata wotambasula mwendo kuti adzichirikize. Chovala chimenechi chimaonetsa thupi lonse, chimamanga wochivala, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Tasowa chifukwa chochikondera kupatula chithunzi.

Chimodzimodzi velo zopanda mikono zimene obwereketsa amaziphimba ndi kajekete ka lesi kapena kusokerera mikono yongolumikiza kuti zigwirizane ndi mkwatibwi wa Chisilamu. Munthu ataima, zimaoneka bwino. Akakweza manja kufika pamapewa a mnzake, kajekete kamakwera, diresi limatsika, ndipo pakati pamatseguka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mkono wosokedwa bwino umakhala ndi kansalu kowonjezera kukhwapa, kamene kamalola dzanja kukwera popanda kukoka diresi lonse. Kansalu kameneka n'kochepa kuposa chikhatho, koma sikaikidwa ngati mwini chovala sadanene kuti adzavina.

Amuna asaganize kuti nkhaniyi ndi ya akazi okha. Suti ya muofesi idasokedwera munthu amene manja ake ali pansi kapena pa desiki. Akakweza zigongono, mapewa a jekete amakwera mpaka m'makutu. Ovina a mipikisano amasoketsa majekete apadera oyezedwa manja ali m'mwamba. Ife sitikufunika kufika pamenepo, koma mkwati akamayesa suti akweze manja asanalipire. Suti za pa kaunjika zambiri zidasokedwera maiko ozizira, ndipo kuvala nsalu yochindikala yotero ku Mangochi mu Okutobala ndi kudzizunza ndi kuzunza mnzako, pakuti thukuta likadutsa jekete limafika pa velo yobwereka imene mawa lake iyenera kubwezedwa yoyera. Mkanjo ndi wopepuka ndipo umalowa mphepo, koma ukakhala wopapatiza kumapazi umafupikitsa phazi la mwamuna monga momwe diresi lothina limachitira kwa mkazi. Mzuli wokulirapo umagwa munthu akawerama, ndipo chibadwa cha munthu n'chakuti amasiya dzanja la mnzake kuti augwire. Akamusiya pakati pa kuzungulira, wogwa amakhala mkazi.

Za nsapato tinganene zambiri. Operekeza amayeserera gule milungu ingapo atavala patapata kapena opanda nsapato pa fumbi la kuseri kwa nyumba. Tsiku la ukwati amapatsidwa gogoda zatsopano zimene sadaziponderepo, n'kuuzidwa kuti avine pa matailosi opukutidwa kumene. Chidendene chosongoka chimaika kulemera kwa munthu yense pa kamalo kochepa ngati chikhadabo. Chikatera pa phazi la mnzake wovala nsapato zotseguka, chimatha kuthyola kafupa. Pa mchenga wa kunyanja kapena pa kapinga wothiriridwa chimangomira, mwini wake n'kupotokola bondo. Nsapato yopanda lamba kuchidendene imavuka munthu akamabwerera m'mbuyo, ndipo ichi ndicho chifukwa nsapato za akazi ovina tango, ngakhale zili zazitali, zimamangidwa pakakolo. Chopondera chake nachonso chili ndi nkhani: cha labala chimamatirira pansi moti phazi limaima koma bondo likuzungulirabe, pamene cha pulasitiki yosalala chimaterereka ngati pa ndere. Onjezanipo ndalama za perekaniperekani zimene zimamwazika pansi, ndi madzi otayika m'mabotolo, ndipo mudzaona kuti holo ya ukwati si malo ophunzirirapo kuyenda pa gogoda.

Nyengo ya kunyanja nayo ili ndi mawu ake. Ukwati wa pabwalo m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti umakumana ndi mwera, ndipo mphepo imeneyi imanyamula nsalu yopepuka ya kumutu n'kuikulunga kumaso kwa mkwati, kapena kukweza siketi yopyapyala ya woperekeza. Ukwati wa m'chilimwe umakumana ndi kutentha kumene kumasandutsa nsalu za nayiloni kukhala thumba la pulasitiki. Thonje limalimidwa ku Balaka ndi ku Salima komwe, ndipo nsalu ya thonje imamwa thukuta, siterereka m'manja mwa wogwira, ndiponso imalemera mokwanira kuti mphepo isaiseweretse. Chilundu chosokedwa bwino ndi nsalu ya chitenje chimachita zonsezi pa mtengo wotsika, ndipo mwini wake adzachivalanso pa Eid. Diresi lonyezimira la operekeza limavalidwa kamodzi n'kukagona m'sutikesi.

Makolo athu sankalekanitsa gule ndi chovala chake. Beni, gule amene adachokera kugombe la Aswahili n'kufala kuno asilikali atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amavinidwa ku Mangochi ndi ku Machinga ndi zovala zonga za asilikali, zomangidwa ndi lamba, zopanda cholendewera chimene chingakole woyandikana naye pamzere. Mayi aliyense wa kumudzi asanalowe m'bwalo amayamba wamanga chitenje chachiwiri m'chiuno ndi kulimbitsa duku. Palibe amene amamuuza. Amadziwa chimene gule amachita ndi nsalu yomasuka. Nzeru imeneyi idalipo chifukwa wovina, wosoka ndi woimba ng'oma anali anthu a mudzi umodzi. Lero gule akuchokera pa YouTube, chovala chikuchokera kwa wobwereketsa wa mumzinda, nsapato zikuchokera kwa achibale a ku South Africa, ndipo zitatuzi zimakumana koyamba m'mawa wa tsiku la ukwati.

Ena anganene kuti tikukulitsa nkhani yaing'ono, kapena kuti tikufuna kulamulira kavalidwe ka atsikana. Dziko lino lidadutsamo kale m'zolamulira zovala. Lamulo la m'chaka cha 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka lidachotsedwa m'chaka cha 1993, ndipo tonse tikukumbukira manyazi a mu Januwale 2012 pamene mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula akazi m'misewu chifukwa cha zimene adavala. Ife sitikupempha munthu woima pakhomo la holo ndi tepi yoyezera. Tikupempha kuti wovalayo afunsidwe. Nthawi zambiri woperekeza amauzidwa mtundu wa nsalu, kasokedwe ndi kutalika kwa gogoda, n'kuuzidwanso kuti alipire yekha. Atsikana asanu ndi mmodzi a matupi osiyana amavekedwa kasokedwe kamodzi chifukwa kadaoneka bwino pa mmodzi. Wamanyazi amakhala chete, n'kuvina gule yense dzanja limodzi likukokera siketi pansi, ndipo mnzake wovina naye amatsala akugwira mphepo. Mtsikana wotereyu wapereka ndalama zake kuti adzasowe mtendere tsiku lonse.

Atelala naonso ali ndi mbali yawo. Nyengo ino amalandira ntchito zochuluka kuposa zimene makina awo angathe, ndipo magetsi akazima ntchito imaima. Zotsatira zake n'zakuti zovala zimafika usiku wa tsiku lomaliza, zipi itasokedwa mothamanga, mpendero utangopindidwa mongoyerekeza. Koma mlandu suli kwa iwo okha, pakuti makomiti ambiri amapereka nsalu mochedwa chifukwa zopereka za achibale zidachedwa, kenaka n'kumayembekezera zozizwitsa. Komiti imene imalemba tsiku logula mpunga ndi mbuzi ilembenso tsiku lolandira zovala, ndipo tsikulo likhale sabata yathunthu ukwati usanachitike.

Sabata imeneyo ndi ya ntchito imodzi: kuyeserera komaliza kuchitike aliyense atavala zimene adzavale, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo ngati n'kotheka pa malo omwe adzavinirepo. Kumene mwambo sulola mkwati kuona velo tsiku lisanafike, mchemwali wa mkwatibwi aime m'malo mwake atavala jekete la mikono yaitali. Azakhali ndi ankhoswe a kuchikazi akhalepo, osati kudzaombera m'manja, koma kudzayang'ana kumbuyo ndi m'mbali kumene wovala sadziona. Mkwatibwi abwerere m'mbuyo mapazi khumi, akweze manja onse, azungulire kawiri, awerame ngati akutola ndalama, akhale pampando ndi kudzukanso. Telala akhale pomwepo ndi singano ndi choko. Mpendero uyezedwe munthu atavala nsapato zenizeni za tsikulo, ndipo uthere pamwamba pa nthaka ndi mpata wolowa zala ziwiri. Ngati mkwatibwi akufuna kudzasintha gogoda n'kuvala nsapato zafulati perekaniperekani akafika pakati, monga ambiri amachitira miyendo ikatopa, telala adziwe zimenezo tsiku lomwelo, chifukwa velo yoyezedwa pa gogoda imakwekwereza pansi mwini wake akangotsika.